Mboni Imene Tihomir Ankaiopa

Inu amene mwagogoda pa khomo limodzi mpaka zala kutupa, ndipo lero mukuganiza zongosiya, takhalani pansi mumve za Tihomir Brajko wa kwathu kuno ku Slavonia, m'dziko la Croatia.

Kalata yachitatu yomukana chipukuta misozi cha asilikali odwala inafika Lachisanu m'mawa, mwezi wa Novembala, chaka cha 2006. Tsikulo anansi ake ankapha nkhumba zopangira masoseji a nyengo yachisanu. Tsiku lotere Tihomir sankatuluka panja, chifukwa nkhumba ikaona mpeni imalira ngati munthu. Anakhala m'khitchini, mawindo otseka, wailesi atakweza, n'kung'amba envulopu.

Mawu ake anali omwe aja: palibe umboni wokwanira wosonyeza kuti matenda a wodandaulayu anayamba chifukwa cha nkhondo.

Anawerenga kawiri, n'kuipinda bwinobwino. Kenako anavula mphete yake yaukwati, anaiika pamwamba pa kalatayo, n'kutuluka kupita ku chisakasa cha nkhuni kuseri kwa nyumba.

Mkazi wake, Ankica, anali kwa anansiwo kuthandiza kusakaniza nyama ndi tsabola. Anangobwera kudzatenga beseni lina. Ataona mphete patebulo, beseni linamugwa m'manja.

Anamupeza atakhala pa chipika, chingwe chili pamaondo. Ankica sanakuwe. Anakhala pansi pa dothi lozizira, manja ake ali psuu ndi tsabola, n'kugwira nsonga ina ya chingwecho.

"Tiho, anthu aja akukanani katatu, ndavomera. Ine ndakukananipo kangati?"

Tihomir anangoyang'ana chingwecho.

"Ndayankhula nanu. Kangati?"

"Sunandikanepo."

"Ndiye mukulanga ndani, iwo kapena ine?"

Anakhala choncho nthawi yaitali, wina atagwira uku, wina uku. Pomaliza zala za Tihomir zinamasuka.

Nkhondo isanabuke mu 1991, Tihomir anali dalaivala wa galimoto yogawa buledi m'midzi yozungulira tauni ya Vinkovci. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, munthu wa mluzu pakamwa, wodziwa dzina la galu aliyense wa m'njira mwake. Nkhondo itafika, asilikali anatenga galimotoyo pamodzi ndi dalaivala wake yemwe. Anachotsamo mashelefu a buledi n'kuyalamo mabulangete.

Kwa miyezi isanu ananyamula anthu ovulala, kudutsa nawo m'minda ya chimanga chimene chaka chimenecho palibe anakolola. Mfuti sanaombepo. Ngakhale chala sanavulale. Akafika kuchipatala ankatsitsa anthu, n'kutenga ndowa ndi tsache, kutsuka magazi, n'kubwereranso.

Tsiku lina masana ananyamula anthu awiri apachibale a banja la Matanovic. Wamkulu, Lovro, anali atang'ambika pamimba ndi zidutswa za bomba. Mng'ono wake Stipan anakwera naye kumbuyo atamufungatira. Atayandikira pa mlatho wa njanji, mabomba anayamba kugwa mumsewu, ndipo Tihomir analowetsa galimoto kunsi kwa mlathowo.

Mabomba anasiya. Msewu unali poyera. Koma mwendo wa Tihomir unakana kuponda. Manja anauma pa chiwongolero ngati si ake. Kumbuyo kwake Stipan ankamenya chitsulo cha galimoto ndi nkhonya.

"Yendetsa, Tiho! Yendetsa, galu iwe!"

Mwina linali theka la ola. Atafika kuchipatala, Lovro anali atamwalira. Stipan anatsika, magazi ali thupi lonse, anadutsa pafupi ndi Tihomir osamuyang'ana n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo sanaonanenso.

Nkhani imeneyi Tihomir sanauze munthu, ngakhale Ankica.

Mtendere utabwera anabwerera ku ntchito ya buledi, koma sanakhalitseko. Tsiku lina mwini golosale anangomenya chitseko cha galimoto ndi chikhatho pomuuza kuti wamaliza kutsitsa. Tihomir anatsika, injini ikulira, n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba. Ntchito inathera pomwepo.

Anayamba maganyu m'minda ya anthu, ndiponso kachasu wa mapulamu. Tulo tinamuthawa. Munthu akagwetsa supuni ankadzidzimuka n'kukalipa mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, kenako n'kukakhala payekha akulira. Mwana wawo wamkazi, Vesna, anakula akuyenda monyang'ama m'nyumba ya bambo ake omwe, ndipo atangomaliza sukulu anapita ku Zagreb, likulu la dzikoli.

Kuchipatala sanapite zaka zoyambirirazo. Ankati, "Ndikaime bwanji pamzere umodzi ndi anzanga odulidwa miyendo, ine yanga ili yonse?" Manyazi amenewo ndi amene anadzamupweteka. Pamene Ankica anamukakamiza kukapempha chipukuta misozi, a komiti yoona madandaulo anafuna mapepala a kuchipatala a zaka zimenezo, ndipo iye analibe.

Anamuitana kamodzi kuti akamuone. Anapeza anthu atatu kuseri kwa tebulo lalitali. Wapakatiyo anafunsa maso ali pa fayilo.

"Munavulala pati, bambo Brajko?"

"Sindinavulale, bwana."

"Apa alemba kuti munali dalaivala basi. Chinakuchitikirani n'chiyani kwenikweni? Tsiku liti, malo ati?"

Tihomir anatsegula pakamwa. Anaona mlatho uja.

"Zambiri, bwana," anatero.

"Zambiri sitingazilembe."

Ndi mmene anakanidwira koyamba. Anachita apilo, anamukana. Anayesanso, n'kulandira kalata ija ya Novembala.

Lolemba lotsatira, Ankica anamuveka jekete ngati mwana n'kukwera naye basi kupita kuchipatala cha m'tauni. Anagonekedwa milungu itatu. Dokotala wa matenda a maganizo amene anamulandira, mayi wa imvi dzina lake Zlata Hrgovic, sanamufunse zambiri. Anamupatsa mankhwala, ndipo pomutulutsa anamuuza kuti Lachinayi lililonse masana azibwera kudzakhala ndi gulu la asilikali akale.

Tsiku loyamba anamulandira ndi Grga, chimunthu chachikulu cha mkono umodzi, chamimba ngati mgolo.

"Takulandira ku chipani cha amisala, aise! Wapampando ndine, poti ndine ndekha ndili ndi satifiketi yake. Iwe akukana kangati?"

"Katatu."

"Katatu kokha? Ukadali mwana. Ine mkonowu anauvomera tsiku lomwelo, poti aliyense akuona kuti palibe. Koma za mutuwu anandizunguza zaka zisanu ndi ziwiri. Khala apo, khofi wathu ndi woipa koma ndi waulere."

Tihomir anasankha mpando wa pafupi ndi chitseko. Miyezi isanu ndi itatu anabwera osajomba, ndipo miyezi yonseyo sananene kanthu kupatula moni. Ena ankayankhula, ena ankalira, Grga ankatukwana boma ndi apongozi ake. Tihomir kachasu anamusiya, anamuyambanso, n'kumusiyanso.

Lachinayi lina m'chilimwe, amisiri ankakonza denga la chipatalacho. Mmodzi anayamba kukhoma lata ndi hamala pamwamba penipeni pa chipinda chawo. Anzake asanazindikire, Tihomir anali kunsi kwa tebulo, manja atatseka makutu.

Palibe anaseka. Grga anadzuka, anagwada movutikira, n'kukwawira kunsi komweko.

"Sunthako, aise, mimba yangayi sikukwana."

Anakhala phewa ndi phewa, akuona nsapato za anzawo. Ndipo kunsi kwa tebulo kumeneko, maso ali pansi, Tihomir anayamba kuyankhula. Ananena za Lovro, za mlatho, za mwendo wake, za nkhonya za Stipan. Pamene ankamaliza, hamala ija inali itasiya.

Dokotala Hrgovic anamuitana payekha gulu litabalalika.

"Zimene mwanenazi ndizilemba, bambo Brajko, ndipo mlandu wanu tingautengere kukhoti. Koma mawu anu ndi anga sakwanira. Pakufunika munthu amene analipo."

Analipo ndi mmodzi yekha.

"Ameneyo akandiona adzandipha," Tihomir anauza Grga panja, akudikira basi.

"Ndiye utayapo chiyani? Chaka chatha ntchito imeneyo unkafuna kuigwira wekha."

Tihomir anamuyang'ana mokwiya. Kenako, kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, anaseka, misozi ili m'maso.

Stipan ankakhala kumudzi wina m'mbali mwa mtsinje wa Sava. Tihomir anakwera basi yopita kumeneko, koma itaima pa siteji ya mudziwo sanatsike. Anazungulira nayo mpaka kubwerera. Patapita milungu iwiri anachitanso chimodzimodzi. Ankica sanamunyoze. Ulendo wachitatu anangomuikira buledi ndi tchizi m'thumba n'kunena kuti, "Lero mukatsike, Tiho. Zinazo mukaziona muli pansi."

Anatsika.

Unali mwezi wa Seputembala. Anamupeza Stipan m'munda wa mapulamu kuseri kwa nyumba, akutola zipatso zakugwa. Anali atawonda, tsitsi lonse loyera, akutsokomola kwambiri. Anaweramuka n'kumuyang'anitsitsa mlendoyo.

"Wakalamba, Tiho."

"Nawenso."

Tihomir anavula chipewa. Mawu amene anakonza m'basi onse anabalalika, choncho anangonena zimene zinali pamtima.

"Stipan, mkulu wako ndinapha ndine. Mabomba anali atasiya, msewu unali poyera, koma ine mwendo unakana. Ndikadayendetsa bwenzi Lovro ali moyo. Ndabwera ndi pepala loti undichitire umboni, koma limenelo lisiye. Ndimafuna ndikuuze pamaso, basi."

Stipan anatembenuza ndowa n'kukhalapo pang'onopang'ono.

"Zaka zonsezi wakhala ukuganiza zimenezo?"

"Tsiku lililonse."

"Mayo ine." Stipan anagwira kumutu. "Tiho, Lovro anafera m'manja mwanga tisanatuluke m'munda wa chimanga uja. Pa mlatho paja tinafika ndi maliro."

Tihomir anagwira mtengo wa pulamu.

"Nanga unkamenyeranji chitsulo?"

"Ndinkaona ngati galimoto ikamayenda ndiye kuti akadali moyo. Itaima, ndinatsala ndekha ndi iye, ali chete. Sindikanatha."

"Nanga kuchipatala kuja? Unandidutsa ngati sukundidziwa."

"Ndikanakuyang'ana ndi maso ati? Madalaivala awiri anakana kubwera kudzatitenga tsiku lija. Unabwera ndiwe. Ndiye ine n'kukutcha galu." Chifuwa chinamugwira, anatsokomola nthawi yaitali. "Ndakhala ndikufuna kukupepesa, koma chaka chikadutsa manyazi amakula."

Amuna awiri aimvi analira m'mundamo mokweza, osabisa. Mkazi wa Stipan anatuluka ndi khofi pa thireyi, anaona mmene zinalili, anaika thireyi pa udzu n'kubwerera m'nyumba mwakachetechete.

Tsiku lomwelo Stipan anakhala patebulo n'kulemba masamba anayi ndi dzanja lake. Analemba tsiku, malo, ndi mmene anamuonera mozemba Tihomir akutsika pa galimoto kuchipatala kuja akunjenjemera, osatha kutsegula zala.

Musaganize kuti zinthu zinayera pomwepo. Fayilo inasowa kamodzi, anayambiranso. Anamutumiza kwa madokotala ena awiri amene anamufunsa mafunso omwewo, ndipo ulendo uliwonse akabwerako ankagona masiku atatu osadya. Panali tsiku lina limene anauza Ankica kuti watopa, mapepala onsewo awotche. Ankica anawatenga n'kukawasungitsa kwa Grga.

Mlandu unalowa m'khoti kumapeto kwa 2008. Stipan anabwera, atavala suti yomukulira, akupuma movutikira. Woweruza, mayi wachitsikana amene nthawi ya nkhondo anali akadali pasukulu, anatembenukira kwa Tihomir.

"Bambo Brajko, mungatiuze chimene chinachitika? Ngati n'kovuta, mukhoza kukhala pansi."

"Ndiima, mayi."

Anaima, manja atagwira thabwa la kutsogolo kwake, ndipo ananena zonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Sanadukize. Ankica, amene anakhala kumbuyo, nkhani ya mlatho anaimva yonse tsiku limenelo, atatseka pakamwa ndi mpango.

Kenako kunali kudikira. Chaka chinatha. Matenda a m'mapapo anamugonetsa Stipan, ndipo Tihomir ankakwera basi ija Lamlungu lililonse kukamuona. Ankamumeta ndevu, ankamuwazira nkhuni mkazi wake.

"Ayankha?" Stipan ankafunsa akangomuona.

"Ayi ndithu."

"Anthu amenewa akudikira kuti tife tonse, aone ngati tinkanena zoona."

Stipan anamwalira mu Malichi 2010. Tihomir ananyamula nawo bokosi.

Kalata inafika mu Meyi. Tihomir sanaitsegule yekha. Anaitana Ankica kuchokera kudimba, nakhala onse awiri pa benchi ya pakhonde. Ankica anawerenga mokweza, chala chikutsata mizere. Khoti linavomereza kuti matenda a Tihomir Brajko anayamba chifukwa cha zimene anakumana nazo pa nkhondo, ndipo linalamula kuti azilandira chithandizo mwezi ndi mwezi.

Ndalama zake sizinali zoti munthu n'kulemera nazo. Zinkakwana mankhwala ndi nkhuni za m'chisanu. Koma Tihomir anapempha mkazi wake kuti awerengenso mzere uja wakuti matenda anayamba chifukwa cha nkhondo. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri ankadziona ngati munthu waulesi, wamantha, chidakwa. Tsopano panali pepala lonena kuti anali munthu wodwala.

"Stipan akanamva," anatero Tihomir.

Madzulo ake anaimbira foni Vesna ku Zagreb. Kawirikawiri ankangopatsana moni n'kupereka foni kwa mayi ake, koma tsikulo anamuuza za kalatayo.

"Ababa, ine sindinkafunika kalata ya khoti kuti ndidziwe kuti mukudwala. Ndinkadziwa ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinkangofuna mundiuze kuti wolakwa sindine."

"Sunali iwe, mwana wanga. Sunali iwe ngakhale tsiku limodzi."

Analira onse awiri pa foni, ndipo Loweruka lotsatira Vesna anabwera kunyumba.

Sindikunamizani kuti Tihomir anachira. Mankhwala akumwabe mpaka lero, ndipo pamakhala masiku ena oti sadzuka pabedi. Ubwana wa Vesna palibe khoti lingamubwezere. Koma kachasu anasiyiratu, ndipo zaka zonse zija zoyenda m'maofesi zinamusiyira luso limene sanaliyembekezere. Ankadziwa fomu iliyonse, khomo lililonse, ndi mawu amene munthu ayenera kulemba kuti amveke.

Iye ndi Grga anapempha kachipinda kuseri kwa holo ya ozimitsa moto m'tauni, anaikamo tebulo ndi mipando inayi. Lachiwiri lililonse amathandiza ena kulemba madandaulo awo, kwaulere. Kumabwera asilikali akale, anamwino amene anagwira ntchito m'zipinda zapansi mabomba akugwa, ndi akazi obwera m'malo mwa amuna awo amene safuna kutuluka m'nyumba. Grga amawaseketsa, Tihomir amalemba. Ena amapambana, ena amakanidwa, ndipo okanidwawo Tihomir amawauza kuti abwerenso Lachiwiri.

Chisanu chathachi, bambo wina wa jekete yakuda anayamba kumaima tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi kachipindako. Ankasuta fodya, n'kumayang'ana chitseko, kenako n'kumapita. Grga anafuna kumukuwira pawindo.

"Musiye," anatero Tihomir.

Anavala chikhoti chake, anathira khofi m'makapu awiri, n'kuwoloka msewu. Anapatsa bamboyo kapu imodzi, osafunsa dzina. Anaima limodzi m'chipale chofewa, akuyang'ana magalimoto akudutsa, pafupifupi ola lathunthu. Pomaliza bamboyo anabweza kapu.

"Ine sindidziwa poyambira," anatero.

"Nanenso sindinkadziwa, achimwene. Tiyeni tikakhale pofunda, poyambira tikapapeza."

Anawoloka msewu onse awiri.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso mwasenza chinthu chimene anthu sakuchiona, ndipo mwafotokoza mpaka mawu kutha koma palibe wakukhulupirirani. Mwina pali munthu amene mukuopa kukumana naye, kapena nkhani imene simunauzepo wina aliyense. Musafe nayo nokha. Pitani kuchipatala, uzani mnzanu mmodzi, lembaninso kalata ija ngakhale akukanani kangapo. Ndipo tsiku limene mphamvu zakutherani, lolani wina akugwireni dzanja kufikira zitabwerera.

Moyo wanu ukufunikabe, abale anga. Musataye mtima, ngakhale lero lokha. Mawa mudzanenenso chimodzimodzi.